Ankathamanga Makilomita 16 Patsiku, Koma Mitsempha Inali Itatsekeka

Madzulo a pa 20 Julayi 1984, munthu wina amene ankadutsa pa njinga yamoto mumsewu wa Route 15, m'tauni yaing'ono ya Hardwick m'chigawo cha Vermont ku America, anaona bambo ali thasa m'mbali mwa msewu. Anali atavala kabudula ndi nsapato zothamangira. Sanagundidwe ndi galimoto, ndipo panalibe amene anamuchita chipongwe. Mtima wake unangoima ali mkati mothamanga, monga ankachitira tsiku ndi tsiku. Bamboyo anali Jim Fixx, wa zaka 52, munthu amene anakopa anthu miyandamiyanda kuti adzuke pampando n'kuyamba kuthamanga.

Fixx anabadwira ku New York mu 1932 ndipo ankagwira ntchito ya ukonzi wa magazini. Pofika mu 1967, ali ndi zaka 35, ankalemera makilogalamu 97 ndipo ankamaliza mapaketi awiri a ndudu patsiku. Chaka chimenecho anayamba kuthamanga. Fodya anasiya, thupi linatsika ndi makilogalamu pafupifupi 27, ndipo anafika pomathamanga makilomita 16 patsiku komanso kumaliza mipikisano ya marathoni, ya makilomita 42, kuphatikizapo wotchuka uja wa ku Boston. Mu 1977 anatulutsa buku lotchedwa The Complete Book of Running, ndipo makope oposa miliyoni imodzi anagulidwa. Pachikuto cha bukulo panali miyendo yake yomwe, ya akatumba olimba. Aliyense womuona akanalumbira kuti ameneyu adzaona zidzukulutudzi.

Dokotala wamkulu wopima mitembo ku Vermont, Eleanor McQuillen, atayang'ana mtima wa malemuyo anapeza kuti mitsempha itatu yodyetsa mtima inali itatsekeka ndi mafuta. Wina unatsekeka pafupifupi 95 peresenti, wina 85, wina 70. Zimenezi sizichitika m'mwezi umodzi. Mafutawo ankaunjikana kwa zaka zambirimbiri, m'zaka zomwezo zimene mwiniwake ankaoneka pa kanema akulangiza anthu za thanzi.

Tsono imvani ichi, chifukwa nkhani yagona apa. Bambo ake a Jim, a Calvin Fixx, anadwala mtima koyamba ali ndi zaka 35, ndipo anamwalira nawo ali ndi zaka 43. Jim ankadziwa zimenezi. Sichinali chinsinsi chobisidwa kwa iye ayi.

Nanga inu, bambo anu anamwalira ali ndi zaka zingati? Amalume anu aja amene anangogwa akuchokera kudimba, anali ndi zaka zingati? Munafunsapo?

Tisanapite patali, tidziwe kaye kuti mafuta amenewa ndi otani. Mafutawa amatchedwa kolesterolo, ndipo kolesterolo si poizoni. Thupi limaifuna pomanga maselo, popanga mahomoni ndiponso popanga ndulu yogayira chakudya. Yochuluka imapangidwa ndi chiwindi chanu chomwe, ngakhale mutakhala chaka chathunthu osalawa nyama. Popeza mafuta sasakanikirana ndi madzi, kolesterolo imayenda m'magazi itanyamulidwa ndi tizinthu ting'onoting'ono. Tina timene madokotala amatitcha LDL timaitenga kuchiwindi n'kupita nayo m'thupi monse, pamene tina totchedwa HDL timathandiza kuibwezera kuchiwindi. LDL ikachuluka m'magazi imalowa m'kati mwa khoma la mtsempha n'kukhazikika m'menemo. Thupi limatumiza maselo oteteza kuti akaichotse, maselowo amakhuta mafuta n'kufera pomwepo, ndipo pang'onopang'ono pamamera chotupa cha mafuta chokutidwa ndi kachikopa kopyapyala.

Zili ngati paipi ya madzi imene dzimbiri likudya m'kati: kunja penti ili bwinobwino, pampopi madzi akutuluka, ndipo palibe amene akuganiza zoitana wokonza. Mtsempha umatha kutsekeka theka lonse munthu osamva kalikonse. Nthawi zambiri ululu umayamba njira ikachepa ndi pafupifupi 70 peresenti, ndipo umamveka pokhapokha mtima ukamagwira ntchito yolemetsa. Choopsa kwambiri n'chakuti kachikopa kaja kamatha kung'ambika tsiku lililonse, ngakhale chotupacho chisanakule. Kakang'ambika, magazi amaundana pamenepo m'mphindi zochepa, njira n'kutsekeratu. Zikachitikira mumtsempha wa mtima, mnofu wa mtima umayamba kufa. Zikachitikira mumtsempha wopita ku ubongo, ndiye sitiroko ija imene imapha ziwalo ndi kupotoza kamwa.

Ndiye kodi Fixx analakwitsa pati? Musafulumire kunena kuti kuthamanga ndiko kunamupha, monga ananenera anthu ambiri panthawiyo, makamaka amene ankafuna chifukwa chokhalira pampando. Kuthamanga ndi kusiya fodya zinali nzeru, ndipo anapitirira zaka za bambo ake ndi 9. Cholakwa chinali chakuti anatenga chinthu chabwino chimodzi n'kuchisandutsa chishango chotchinga zonse, mpaka anaona ngati safunikanso kupimidwa.

Maganizo amenewa sanali ake yekha. M'zaka za m'ma 1970 kunali dokotala wina wa ku California, Thomas Bassler, amene ankalalikira kuti munthu wosasuta amene angathe kumaliza marathoni sangafe ndi matenda otseka mitsempha ya mtima. Othamanga ambiri anawakumbatira mawu amenewo, poti anali okoma m'khutu. Koma mu 1979, kutatsala zaka 5 kuti Fixx amwalire, Tim Noakes ndi anzake a ku Cape Town anafalitsa m'magazini ya zachipatala ya New England Journal of Medicine zimene anapeza atapima mitembo ya othamanga marathoni a ku South Africa. Mitsempha yawo inali ndi zotupa za mafuta zomwe zija. Umboni unalipo, wolembedwa poyera, m'chinenero chimene Fixx ankawerenga. Munthu akakonda yankho linalake, umboni wotsutsa amauwerenga ndi diso limodzi.

Patsogolo pake panabwera mwayi weniweni. Kutatsala miyezi ingapo kuti amwalire, Fixx anapita ku Dallas m'chigawo cha Texas, kumene anakumana ndi Kenneth Cooper, dokotala wodziwika pa nkhani ya masewera olimbitsa thupi. Cooper anamupempha kuti akwere pa makina oyendapo, amumangirire mawaya pachifuwa, aone mmene mtima ukuchitira ukapanikizika. Ndi ntchito yosatenga ngakhale ola limodzi. Fixx anakana. Taganizani: munthu amene bambo ake anagwa ali ndi zaka 35, amene anasuta mapaketi awiri patsiku kwa zaka zambiri, waima m'chipatala chimene chili ndi makina oyenera, dokotala ali pomwepo akumupempha, ndipo iye akuti ayi. Pambuyo pa maliro, Cooper analoledwa kuona mapepala a kuchipatala a malemuyo ndi kucheza ndi abale ndi anzake. Anapeza kuti kolesterolo yake inali yokwera, mtima unali wokula, ndipo ngozi yaikulu inali ya kumtundu.

N'chifukwa chiyani munthu wanzeru chonchi anakana? Ine ndikuona zinthu ziwiri, ndipo zonse ndimaziona mwa ife. Choyamba ndi kudzidalira: ngati ndikutha makilomita 16, mtima wanga ungavute bwanji? Chachiwiri ndi mantha obisala kumbuyo kwa kudzidalirako. Munthu amene anaona bambo ake akuikidwa m'manda iye ali mnyamata safuna kumva dokotala akutchula matenda omwewo. Kusapimitsa kumamupatsa mtendere wa lero. Tonse timawadziwa mawu aja akuti, "Ukapita kuchipatala amakupezera matenda." Matenda sapezedwa ndi makina ngati kulibe. Amene anakana kupimidwa anapita nawo kunyumba mafuta ake onse, osachepako ngakhale kadontho.

Inuyo chishango chanu n'chiyani? Mwina mumati, "Ine ndimalima maekala awiri ndi khasu." Mwina mumapalasa kabaza kuyambira mbandakucha mpaka dzuwa kulowa. Mwina mumamenya mpira Loweruka lililonse, kapena simumwa mowa, kapena mumamwa madzi otentha a mandimu ndi adyo m'mamawa. Chishango chofala kwambiri ndi chakuti, "Ine ndine wowonda, za mafuta n'za anthu a mimba zazikulu, mabwana a m'tauni." Apa ndiye pagwera anthu ambiri. Mafuta a pamimba ndi mafuta a m'magazi ndi zinthu ziwiri zosiyana. Kunenepa kumawonjezera ngozi, zimenezo n'zoona, koma sikelo siyeza kolesterolo. Pali anthu owonda kwambiri amene LDL yawo ndi yowirikiza kawiri ya munthu wamba kuyambira tsiku limene anabadwa.

Amenewa ndi anthu a matenda a kumtundu amene madokotala amawatcha familial hypercholesterolaemia, kapena FH mwachidule. Chiwindi cha munthu wabwinobwino chili ndi tizitseko timene timakoka LDL kuichotsa m'magazi. Amene anatulukira zimenezi ndi Michael Brown ndi Joseph Goldstein, a ku Dallas komweko, m'zaka za m'ma 1970, ndipo mu 1985 analandira mphoto ya Nobel. Munthu wa FH amabadwa ndi theka la tizitseko timeneti tosagwira ntchito, choncho LDL imangozungulira m'magazi n'kumalowa m'mitsempha kuyambira ali kamwana. Padziko lonse, munthu mmodzi mwa anthu pafupifupi 250 aliwonse ali ndi vutoli, ndipo ambiri mwa iwo sakudziwa. M'mitundu ina ndi lofala koposa. Pakati pa Afrikaner a ku South Africa limapezeka mwa munthu mmodzi pa anthu osakwana 100, chifukwa ambiri anachokera kwa makolo ochepa omwewo. Kholo likakhala ndi FH, mwana aliyense ali ndi mwayi wa 50 peresenti wotengera, kaya ndi wamwamuna kaya wamkazi. Akapanda kulandira mankhwala, pafupifupi theka la amuna otere amadwala mtima asanapitirire zaka 50, ndipo akazi pafupifupi atatu mwa 10 aliwonse amadwala asanapitirire zaka 60.

Mwana akatengera kwa makolo onse awiri, zinthu zimafika poipa msanga. Mtsikana wina wa ku Texas, Stormie Jones, anadwala mtima ali ndi zaka 6. Mu Febuluwale 1984 madokotala a ku Pittsburgh anamuika mtima ndi chiwindi zatsopano pa opaleshoni imodzi, koyamba padziko lonse. Anamwalira mu 1990 ali ndi zaka 13. Zoterezi n'zosowa, koma zikusonyeza kuti mafuta a m'magazi paokha, popanda fodya, mowa kapena ukalamba, amatha kuwononga mtima.

Vuto lathu n'lakuti mbiri ya imfa za m'banja sitiisunga bwino. Munthu wa zaka 45 akagwa mwadzidzidzi, pamaliro timangonong'onezana kuti, "BP inakwera," kapena "anangoti pachifuwa pakuwotcha, basi." Ena amayang'anizana n'kuyamba kuwerenga amene anakangana ndi malemuyo pa nkhani ya munda. Mtembo supimidwa, mwambo umatha, ndipo patapita zaka 6 mng'ono wake amagwanso chimodzimodzi. Pamenepo ndiye banja limatsimikiza kuti pali dzanja la munthu. Amathamangitsa gogo wosalakwa m'mudzi, amawononga ndalama kwa asing'anga, koma palibe amene amatenga ana a malemu awiriwo kukawapimitsa magazi. Zimandipweteka mtima, chifukwa imfa ziwiri zofanana m'banja limodzi ndiwo umboni umene dokotala amaufuna kuti apulumutse wachitatu.

Palinso china. Ambiri mwa ife timawerenga mtundu kuchikazi. Timadziwa bwino za amalume ndi agogo obereka amayi, koma za kwawo kwa bambo timangomva patalipatali, makamaka ngati ukwati unatha ife tili aang'ono. Matendawa sasamala za chikamwini kapena chitengwa. Amadutsira mbali zonse ziwiri mofanana. Safunsa anadya phula: pitani kwa azakhali anu mukafunse kuti bambo awo ndi alongo awo anapita bwanji, ndipo anali ndi zaka zingati. Chimene mukufuna kudziwa n'chakuti, kodi pali mwamuna amene anadwala mtima, kufa ziwalo kapena kufa mwadzidzidzi asanakwane zaka 55, kapena mkazi asanakwane 65? Ngati alipo, makamaka kholo lanu kapena m'bale wanu wa bere limodzi, nkhaniyi ndi yanu.

Tsopano dziyang'aneni thupi. Kolesterolo yokwera siwawa, koma mwa anthu ena imasiya zizindikiro zooneka. Imani pagalasi pamalo owala. Yang'anani zikope zanu, makamaka chakumphuno. Kodi pali timabala tachikasu, tofewa, tosayabwa ndi tosapweteka, tokhala ngati tamatidwa pakhungu? Yang'anani m'mphepete mwa gawo lakuda la diso. Kodi pali mkombero woyererako wozungulira? Kwa agogo a zaka 70 mkombero umenewu si wachilendo, koma kwa munthu wosakwana zaka 45 ndi chenjezo. Kenako khalani pansi, vulani nsapato, mugwire mtsempha waukulu uja wa kumbuyo kwa chidendene ndi zala ziwiri, muutsate kuchokera pansi kukwera m'mwamba. Uyenera kukhala wosalala ndi wopyapyala. Ngati ndi wonenepa, kapena muli timabulu tolimba m'kati mwake, musanene kuti ndi nsapato zothina. Fumbatani chibakera muyang'ane pamfundo za zala, pamene pamadutsa mitsempha yowongolera zala. Timabulu tolimba tosapweteka pamenepo timatha kukhala kolesterolo imene yaunjikana. Mukapeza chimodzi mwa zimenezi, pitani nacho kuchipatala. Koma mukapanda kupeza kalikonse musadzitonthoze, chifukwa ambiri amene ali ndi vutoli alibe chizindikiro chakunja ngakhale chimodzi.

Zizindikiro zina zimabwera mitsempha itachepa kale, ndipo izi n'zimene anthu amazipeputsa mpaka kufa. Mukukwera chitunda chimene mwakhala mukukwera moyo wanu wonse, kapena mwasenza thumba la chimanga, ndiye pachifuwa pakuthina, pakulemera, ngati wina wakukhalani. Mukaima kwa mphindi zingapo zikutha. Mukayambanso kuyenda zikubwerera. Nthawi zina sikukhala kuwawa kwenikweni, koma kuthina pakhosi, dzanzi m'dzanja lamanzere, kuwawa kwa nsagwada kapena pakati pa mapewa. Nthawi zina ndi phuma chabe: mtunda umene chaka chatha munkauyenda mukucheza, lero mukufika muli wefuwefu. Ena akatumba a m'miyendo amawakokana akayenda mtunda wakutiwakuti, n'kusiya akapuma, chifukwa mitsempha ya m'miyendo nayonso imatsekeka. Kwa abambo, kuchepa kwa mphamvu za kuchipinda kumatha kukhala chenjezo loyamba, zaka zingapo mtima usanadandaule, popeza mitsempha ya kumeneko ndi yaing'ono ndipo imayamba ndiyo kuvutika. M'malo mogula mankhwala a m'mabotolo pamsika, kapimitseni.

Ndipo tonse tili ndi mayina okonzeka kale opatsa zizindikiro zimenezi. Timati ndi chilungulira, tadya mbatata. Timati ndi zilonda za m'mimba. Timati ndi kutopa, ndi chibayo, ndi ukalamba. Chilungulira chenicheni chimatsata chakudya ndi kugona chagada. Ululu umene umabwera mukamagwira ntchito n'kutha mukapuma ndi wa mtima mpaka dokotala atanena kuti si mtima. Amayi ndi odwala shuga asamale koposa, chifukwa kwa iwo mtima umatha kuvulala popanda ululu waukulu wa pachifuwa: kungomva nseru, thukuta lozizira, kufooka kosadziwika bwino ndi kubanika. Ululu ukabwera muli chikhalire, n'kupitirira mphindi 10 kapena 15 osasiya, imeneyo si nkhani yodikira kuti kuche kapena kuti mwezi uthe mulandire. Pezani galimoto nthawi yomweyo, ndipo musayendetse nokha.

Si onse amene mafuta awo amasokonekera chifukwa cha mtundu. Matenda a shuga amakweza mafuta ena otchedwa triglycerides n'kutsitsa HDL, ndipo shuga, kuthamanga kwa magazi, fodya ndi kolesterolo zikakumana mwa munthu mmodzi zimathandizana kuwononga mitsempha. Matenda a impso amakweza kolesterolo, chimodzimodzinso chithokomiro chikamagwira ntchito mofooka. Mowa wambiri ndi zakumwa zotsekemera zimakweza triglycerides, ndipo zikakwera mopitirira muyeso zimatha kutupitsa kapamba, matenda a m'mimba owawa koopsa amene amapha. Amene akumwa ma ARV ali ndi chifukwa chawochawo chopimitsira. Ambiri tikukumbukira zaka zija mankhwala oyamba anali ndi stavudine, mmene anthu ena masaya ankalowa, manja ndi miyendo kuuma, mafuta n'kukasonkhana pamimba kapena kumbuyo kwa khosi. Kumeneko kunali kusokonekera kwa kasungidwe ka mafuta m'thupi, ndipo n'chimodzi mwa zifukwa zimene mankhwalawo anachotsedwera. Ena amene akugwiritsidwabe ntchito, monga lopinavir ndi ritonavir, amakweza mafuta a m'magazi. Musasiye ma ARV chifukwa cha zimenezi, ndikubwereza, musasiye. Funsani kukiliniki kwanu kuti akupimeni mafuta.

Kupimako n'kosavuta. Amatenga magazi pang'ono pamkono, ndipo nthawi zina amakuuzani kuti mubwere musanadye. Si chipatala chaching'ono chilichonse chimene chili ndi zipangizo zake, choncho funsani kukiliniki ya shuga ndi BP kuti akutumizeni koyenera. Musangovomera mawu akuti "zili bwino" kapena "zakwerako pang'ono." Pemphani manambala alembedwe m'buku lanu la kuchipatala. Kwa munthu wamkulu amene alibe matenda ena, kolesterolo yonse imafunika kukhala pansi pa 5 mmol/L, ndipo LDL pansi pa 3. Amene anadwalapo mtima, sitiroko kapena ali ndi shuga amafunika kutsika kuposa apa. Kolesterolo yonse ikapitirira 7.5, kapena LDL ikapitirira 4.9, dokotala ayenera kuganizira za FH ndi kukufunsani za abale anu. Akapanda kufunsa, yambitsani ndinu. Muuzeni kuti, "Adokotala, bambo anga anamwalira mwadzidzidzi ali ndi zaka zakutizakuti."

Chakudya chili ndi gawo lake, ndipo sindikupeputsa. Mafuta oundana a nyama ya nkhumba ndi ng'ombe, khungu la nkhuku, batala, soseji, ndi mafuta aja a pachiwaya amene akazingira tchipisi kuyambira Lolemba mpaka ada bii, zonsezi zimawonjezera mtolo pa mitsempha. Zimene zimathandiza n'zomwe ena timazinyoza tikayamba kupeza bwino: nsima ya mgaiwa, nyemba, nandolo, khobwe, usipa, matemba, masamba otendera, mapeyala ndi zipatso za m'nyengo yake. Fodya ndiye wongosiyiratu. Kuyenda ndi kugwira ntchito yotulutsa thukuta pitirizani. Koma ndikuchenjezeni: kwa munthu wa FH, chakudya pachokha sichingatsitse LDL kufika poyenera, chifukwa vuto lili m'chiwindi. Mukaumirira kuti mudzichiza ndi masamba okha, mwagwera m'dzenje lomwe lija la kukhulupirira chinthu chabwino chimodzi.

Ife tili ndi mwayi umene Fixx analibe. Mankhwala a gulu la statin, amene chiyambi chake anachipeza ndi Akira Endo wa ku Japan pofufuza nkhungu m'zaka za m'ma 1970, anavomerezedwa koyamba ku America mu 1987, patatha zaka zitatu Fixx ataikidwa m'manda. Amachepetsa kolesterolo imene chiwindi chimapanga, ndipo chiwindicho chimatsegula tizitseko tambiri tokokera LDL. Mu 1994 kafukufuku wa m'maiko a Scandinavia, wa odwala mtima 4,444, anasonyeza kuti simvastatin inachepetsa imfa ndi pafupifupi 30 peresenti. Lero simvastatin ndi atorvastatin ndi mankhwala wamba, osadula ngati kale. Ali ndi malamulo ake: ena amamva kuwawa kwa minofu ndipo ayenera kuuza dokotala kuti asinthe mlingo kapena mtundu, mayi woyembekezera kapena amene akufuna kutenga pakati ayenera kunena asanayambe, ndipo simvastatin siyenderana ndi ritonavir. N'chifukwa chake simuyenera kugawana mapilitsi ndi mnzanu kapena kungogula osapimidwa.

Kulakwitsa kumene ndimakuona kawirikawiri ndi kwa amene anayamba bwino. Wamwa miyezi itatu, wapimitsanso, nambala yatsika, ndiye akuti, "Ndachira," n'kusiya. Nambalayo yatsika chifukwa cha mankhwalawo. Akasiya, pakangotha milungu yochepa imabwerera pamene inali, ndipo popeza siwawa, sadziwa kuti yabwerera. Wina amasiya chifukwa mnzake wa kutchalitchi wamuuza kuti mapilitsi a tsiku ndi tsiku amaononga chiwindi, wina chifukwa walandira uthenga pa WhatsApp wonena za tiyi wosungunula mafuta. Musanasiye, bwererani kwa amene anakulemberani mukamufunse.

Mukapezeka ndi kolesterolo yokwera kwambiri, ntchito siithera pa inu. Abale anu a bere limodzi, makolo ngati ali moyo, ndi ana anu onse ayenera kupimidwa. Ndikudziwa kuti n'zovuta kuganiza zoti mwana wa sitandade 4, wothamanga tsiku lonse, angafunike mapilitsi a mtima. Koma madokotala a ku Netherlands anatsatira kwa zaka 20 ana oposa 200 a FH amene anayamba kumwa statin ali aang'ono, ndipo mu 2019 anafalitsa zimene anapeza. Powerengera mpaka zaka 39, mwa anawo mmodzi yekha pa 100 ndi amene anadwalapo mtima kapena mitsempha, ndipo palibe anafa nazo. Mwa makolo awo, amene anali ndi matenda omwewo koma sanalandire mankhwala paubwana, 26 pa 100 anali atadwala pofika msinkhu umenewo, ndipo 7 pa 100 anali atamwalira. N'chifukwa chake madokotala amalangiza kuti mwana wa kholo la FH apimidwe asanapitirire zaka 10, ndipo akapezeka nazo, mankhwala amatha kuyamba ali ndi zaka 8 mpaka 10. Ngati m'bale wanu anamwalira mwadzidzidzi ali wamng'ono n'kukusiyirani ana, popita kukapimitsa anu muwatenge nawonso.